Subnautica: gemu ya zilombo za m'nyanja yomwe ilibe mfuti

Mu Subnautica mulibe mfuti yophera chilombo. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi musanagule gemuyi, chifukwa ambiri amailowa ndi mtima wa magemu ena aja, oti chikakuluma lero mawa upeza chida chachikulu n'kukachibwezera. Kuno kulibe kubwezera. Charlie Cleveland, yemwe anatsogolera ntchito yopanga gemuyi ku kampani ya Unknown Worlds Entertainment, ananena poyera kuti mfuti anazisiya dala, ndipo chimene chinamukhudza ndi kuomberedwa kwa ana pasukulu ya Sandy Hook ku America mu 2012. Ndiye mukhala m'nyanja imodzi ndi zilombo zotalika mamita 55, zina kupitirira 100, inu m'manja muli kampeni.

Gemuyi inayamba kugulitsidwa isanathe kupangidwa mu Disembala 2014, inatuluka yathunthu pa kompyuta mu Januwale 2018, kumapeto kwa chaka chomwecho n'kufika pa PlayStation 4 ndi Xbox One, ndipo pa Nintendo Switch inafika mu 2021. Nkhani yake ndi yoti chombo cha mumlengalenga chotchedwa Aurora chagwera pa dziko lina, 4546B, lomwe pafupifupi paliponse ndi nyanja. Inu mwatsala nokha m'kachombo kopulumukira, Lifepod 5, momwe muli wailesi, kabokosi ka mankhwala ndi makina otchedwa Fabricator amene amasandutsa miyala, zitsulo ndi zomera kukhala zipangizo. Mapu palibe. Chilichonse chimene mukufuna kuti muchoke padzikoli chili pansi kuposa pamene mwafika, mpaka kupitirira mamita 1,400, ndipo njira zonse zotsikira kumeneko zili ndi eni ake.

Eni akewo gemu imawatchula kuti ma leviathan. Chofunika kumvetsa pa iwo n'chakuti nyanjayi inakonzedwa pamanja, sisintha mukayamba gemu yatsopano. Chilombo chachikulu chilichonse anachiika pamalo pake, chimazungulira dera lakelo, ndipo mukatulukamo chimakusiyani n'kubwerera. Wosewera akazindikira zimenezi amayamba kudzifunsa mafunso othandiza: ndidutsa pati, pa liwiro lanji, nyali zoyaka kapena zozimitsa. Ubwino waukulu wa Subnautica wagona pamenepa, kuti mantha ake amatha kuphunzirika.

Koma chilombo chisanakupezeni, mpweya umakhala utakuphani kale kangapo. Mumayamba ndi masekondi 45. Thanki yoyamba, yopangidwa ndi titanium zitatu, imafikitsa pa 75. Ya High Capacity imafikitsa pa 135, ndipo imafuna thanki yoyamba ija, magalasi awiri, titanium zinayi ndi siliva mmodzi. Ya Ultra High Capacity imafikitsa pa 225. Mukapitirira mamita 100 mulibe Rebreather, chipewa chothandiza kusunga mpweya, mpweyawo umayamba kutha msanga, mukapitirira 200 umatha msanga koposa, pomwe Rebreather yakeyo imangofuna wiring kit imodzi ndi fiber mesh imodzi. Mpweya ndi zilombo zimagwirizana motere: munthu akamva kubangula amathawira m'phanga kapena m'chigoba cha chombo chophwasuka, chilombo sichimulowera m'menemo, koma pothawa paja sanaonetsetse pamene walowera, ndiye pofuna kutuluka amangozungulira. Gemu imachenjeza pa masekondi 30, kenako pa 10. Nambala ikafika pa 0 simufa nthawi yomweyo. Sikirini imayamba kuda pang'onopang'ono, ndipo masekondi ochepawo amakwana kulowa m'sitima ngati munaiimika pakhomo pa phangalo. Thanki yachiwiri yodzaza imadya malo m'chikwama, koma m'mapanga ndi yoyenera kunyamula.

Reaper Leviathan ndi imene ambiri amayamba kukumana nayo, ndipo pa zilombo zonse ndi imene inakonzedwa mwaluso kwambiri. Ndi yaitali mamita 55, yoyera ndi yofiira, kumaso kwake kuli zopanira zinayi zazikulu. Imakhala mozungulira Aurora, makamaka kumbuyo kwa mainjini ndi kutsogolo kwa chombocho, komanso ku Dunes kumpoto chakumadzulo ndi ku Mountains kumpoto chakum'mawa. Madzi a kufupi ndi Aurora ndi amatope, simuona patali, choncho mumaimva musanaione. Zolemba za PDA, kachipangizo kamene kamasunga zonse zimene mwapeza, zimati Reaper imasaka pomvera mmene kubangula kwake kukubwererera, ndiye ngati mwaimva ndiye kuti nayonso yakuonani. Apa mahedifoni ndi chida chenicheni, chifukwa amakuuzani mbali imene mawuwo akuchokera. Kubangula kwapatali, komveka ngati kwaphimbidwa, kukutanthauza kuti mwafika m'malire mwake. Kukamveka kwaukali ndi pafupi, musatembenuke kuti muione kaye. Kutembenukako kumadya masekondi awiri amene akanakuchotsanipo. Mukalowa ku Dunes, PDA imakuuzani kuti yaona zilombo zikuluzikulu zingapo m'deralo, n'kukufunsani ngati zimene mwadzerazo n'zoyeneradi kuikira moyo pa chiswe. Nthawi zambiri yankho loona ndi ayi.

Ikakupezani mukusambira, kuluma kamodzi kumachotsa 80 pa moyo wanu wa 100. Ngati munali kale pansi pa 80, imakunyamulani ndi zopanira zija n'kukumezani, nkhani yatha. Choncho musalowe m'dera lake moyo uli wosakwana. First Aid Kit imodzi imabwezera 50 ndipo imangofuna fiber mesh imodzi, komanso kabokosi ka mu Lifepod kamapanga ina yaulere pakapita nthawi. Chovala chosambira cholimba chotchedwa Reinforced Dive Suit chimachepetsa kuvulala ndi theka. Pothawa musathamangire pamwamba m'madzi opanda kanthu, chifukwa imakwera mpaka pamwamba penipeni. Tsikirani pansi, tsatani matanthwe, lowani pamene thupi lake silingakwane. Imathamanga kwambiri ikalunjika koma imakhota mochedwa, ndiye kupatukira kumbali ndi Seaglide, kamakina ka m'manja kokukokani m'madzi, chilombocho chikayandikira, kumathandiza kuposa kupikisana nayo liwiro.

Seamoth, kasitima ka munthu mmodzi, ndi kamene kamatsegula nyanjayi. Kamafuna titanium ingot, power cell, magalasi awiri, lubricant ndi mtovu, ndipo kamakupatsani mpweya nthawi yonse malinga magetsi alimo. Kamapirira mamita 200 okha. Mukatsika kuposa pamenepo kamayamba kuphwanyika, pokhapokha mutaikamo ma Depth Module amene amafikitsa pa 300, 500 ndi 900. Reaper ikagwira Seamoth, nkhope yake imadzaza galasi lonse lakutsogolo, imakugwedezani, n'kukutayani mutataya chigawo chachikulu cha mphamvu ya sitimayo. Kugwidwa kamodzi sitima yathunthu imapirira. Vuto limabwera ngati munali mutaigunditsa kale kumiyala ndi kunsomba n'kunyalanyaza kukonza, kapena ngati chilombocho chakukokerani pansi pa malire a sitimayo, pomwe madzi nawonso amayamba kuifinya. N'chifukwa chake ndi bwino kusiya mpata wa mamita makumi angapo pamwamba pa malirewo mukakhala m'dera la Reaper. Ikakusiyani musatuluke ndi Repair Tool pomwepo. Chokanipo kaye mpaka kubangula kuzilale, kenako konzani mpaka pa 100.

Chida chimene chimasinthiratu nkhani ya Seamoth ndi Perimeter Defense System. Chimatulutsa magetsi kuzungulira sitimayo, ndipo Reaper ikakugwirani, kudina kamodzi kumaichititsa kukutayani n'kuthawa. Kugwira batani nthawi yaitali kumakulitsa mphamvu yake koma kumadya batire kwambiri, pomwe kudina kwachidule n'kokwanira kale. Chimapangidwa pa Vehicle Upgrade Console m'kati mwa Moonpool, chipinda choimikamo sitima chimene mumamanga nokha, ndi wiring kit imodzi ndi polyaniline imodzi. Polyaniline ndi imene imachedwetsa: imafuna golide ndi hydrochloric acid, ndipo asidiyo amachokera ku mchere ndi bowa atatu otchedwa deep shroom, amene amamera kumalo akuya ngati ku Blood Kelp. Kunena kwina, mumayenera kupita kumalo oopsa kuti mupeze chida chopitira kumalo oopsa, ndipo gemuyi imachita zotere kawirikawiri. Seamoth ili ndi malo anayi okha oikamo zowonjezera. Limodzi la kuya, lina la magetsi otetezerawa, otsalawo musankhe pakati pa sonar, malo osungira katundu ndi Hull Reinforcement. Sonar imajambula pansi pa nyanja ndi mizere yofiira ndipo imaonetsa thupi la chilombo mumdima, choncho ku Dunes ndi ku Mountains imaposa bokosi la katundu.

Ulendo wolowa mu Aurora ndi mayeso oyamba enieni. Injini yake ikaphulika, madzi ozungulira amadzaza ndi radiation, cheza choopsa chovulaza thupi, ndiye pamafunika Radiation Suit yonse, ndi chipewa chake chomwe, chimene chimalowa pamalo pa Rebreather. Tengani Repair Tool, Laser Cutter, Propulsion Cannon yosunthira zitsulo zotseka njira, chozimitsira moto, madzi akumwa ndi mabatire apadera. Polowera ndi kutsogolo kophulika kuja, ndipo Reaper imayendayenda chapomwepo. Njira yabwino ndi kutsata thupi la chombocho kumbali imene yayang'ana ku Lifepod, pamadzi osaya, osakhotera kutali. Seamoth ilowetseni m'kati mwa zitsulo zophwasukazo momwe ingathere, chifukwa yoimikidwa poyera chilombocho chimatha kuiphwanya inu muli m'kati mwa Aurora, n'kutuluka mutasowa mtengo wogwira. Ulendowu umalipira bwino: m'menemo muli zidutswa za chovala chachitsulo choyenda ndi miyendo chotchedwa Prawn Suit, Depth Module yoyamba ya Seamoth, ndi chida chochepetsa magetsi amene injini ya sitima yaikulu yotchedwa Cyclops imadya.

Pali tizilombo tina tosafika pa leviathan koma timene timawononga maulendo ambiri kuposa zikuluzikuluzo, ndipo tiwiri n'tofunika kutidziwa bwino. Crabsquid imakopeka ndi kuwala, ndipo imatulutsa mphamvu ina imene imazimitsa sitima ndi zipangizo zonse za magetsi kwa kanthawi. Mumangoti zii m'mdima, injini osayankha. Mankhwala ake ndi kuzimitsa nyali musanafike pomwe ili. Boneshark nayo imathamangira kuwala, choncho chizolowezi choyenda nyali zozimitsa chimathandiza pawiri. Warper ndi yoipa mwa mtundu wina. Imaponya chinthu chimene chimakutulutsani mu Seamoth kapena mu Prawn Suit n'kukuikani m'madzi, mwina pa mamita 600, sitima ili cha apo. Chochita ndi chimodzi: yang'anani chizindikiro cha sitima yanu, bwererani m'kati, chokanipo. Kuyamba kulimbana nayo ndi mpeni n'kutaya mpweya. Mu Cyclops singakutulutseni. Kumadzi osaya kuli Crashfish, kansomba kamene kamatuluka m'duwa lake kakulira n'kudzaphulikira pa inu, koma m'duwa lomwelo ndi momwe mumapeza cave sulfur ya Repair Tool. Stalker ya m'nkhalango za creepvine imakonda zitsulo, imaba ngakhale makamera a chipinda chofufuzira zinthu chotchedwa Scanner Room, ndipo mano amene imagwetsa poluma zitsulozo ndi amene amapangira enameled glass.

Si chachikulu chilichonse chimene chimaluma. Reefback imalira mokweza moti watsopano amathawa, koma ndi yofatsa, ndipo pamsana pake pamapezeka mkuwa ndi siliva. Sea Treader imayenda pansi ndi miyendo itatu, ikamaponda imafukula miyala ya shale momwe mumatuluka golide, lithium ndi dayamondi. Ingopewani kuima pansi pa phazi lake.

Ghost Leviathan yaikulu imafika mamita 107. Thupi lake ndi loonekera m'kati, lowala mobiriwira ngati thambo, ndipo imalira mokuwa. Siigwira sitima ngati Reaper, imangogunda ndi mutu n'kupitirira, kenako n'kuzungulira kudzagundanso. Pakati pa kugunda koyamba ndi kwachiwiri ndi pamene pali mpata wanu wothawira. Zazikulu zili ku Grand Reef ndi ku Blood Kelp yakumpoto, ndipo zina zili kunja kwa mapu. Kumeneko opanga gemuyi anachita mwanzeru. M'malo moika khoma losaoneka, nyanja imangothera pa phompho lakuda lopanda pansi, PDA imachenjeza kuti mwalowa kudera lopanda zamoyo, ndipo mukapitiriza ma Ghost amabwera imodzi imodzi mpaka zitatu. Izi sizikusiyani mpaka mutabwerera m'malire. Kulibe chilichonse chotola kumeneko. Amene amagwerako mosadziwa amakhala alibe kampasi kapena sanaike ma Beacon, zizindikiro zoyandama zimene zimaoneka pa sikirini ngakhale muli patali, pomwe Beacon imangofuna mkuwa umodzi ndi titanium imodzi. Ikani imodzi pakhomo lililonse la phanga, ndipo pamalo pamene mwamva chilombo ikani ina n'kuilemba dzina loti mudzakumbukire.

Ana a Ghost, otalika mamita 67, amalondera Lost River, mapanga aakulu amene pansi pake pamayenda mtsinje wa madzi amchere obiriwira. Madzi obiriwirawo amawotcha munthu wosambira koma sawononga sitima. M'mapanga amenewa mulibe kothawira kwambiri, ndiye kuyenda m'mbali mwa khoma n'kofunika. Malo opumira ndi Tree Cove, pomwe pali chimtengo chachikulu chowala. Palibe chilombo cholusa, madzi ake amchere ndi a buluu osawotcha, ndipo pafupi pali maenje otentha oti n'kuikapo Thermal Plant, makina opanga magetsi kuchokera ku kutentha. Kumanga kanyumba kakang'ono pamenepa, kokhala ndi chotchajira ma power cell ndi dimba la chakudya, kumapulumutsa ulendo wonse wobwerera pamwamba. Ku Lost River komweko ndi kumene kuli nickel yofunika kuti sitima zitsike kupitirira mamita 900.

Cyclops ndi sitima yaikulu ya mamita 54, nyumba yoyenda, momwe mungamange mabokosi, Fabricator ndi madimba, n'kunyamuliramo Seamoth kapena Prawn Suit. Imapirira mamita 500, ndipo ma module ake amafikitsa pa 900, 1,300 ndi 1,700. Ilibe chida chomenyera, ndipo mdani wake wamkulu ndi phokoso lake lomwe. Ili ndi maliwiro atatu. Lapamwamba, lotchedwa flank, limapanga phokoso lalikulu ndipo likapitirira limatenthetsa injini mpaka moto kubuka m'kati. Anthu ambiri amataya Cyclops motere: aona chilombo, achita phuma, ayatsa flank, phokoso likopa chilombocho, moto ubuka kumbuyo, asiya chiwongolero kukazimitsa moto, chilombo chikugundabe. Chithunzi cha pafupi ndi chiwongolero chimaonetsa kukula kwa phokoso lanu ndi zilombo zimene zili pafupi, ndipo kadontho kakafiira ndiye kuti chakumvani. Pamenepo pali njira zingapo. Silent Running imachepetsa phokoso, nyali za m'kati zimafiira, koma imadya magetsi nthawi yonse imene yayaka. Creature Decoy, yopangidwa ndi titanium zitatu ndi wiring kit n'kutuluka zitatu, imakokera chilombo kwina. Iponyeni n'kuchokapo mwakachetechete, chifukwa mukaima pomwepo mwachiitanira pakhomo panu. Chubu chake chimanyamula imodzi yokha mpaka mutachikulitsa kuti chizinyamula zisanu, ndiye kumbukirani kubwezeretsa ina mukaponya. Shield Generator imatchinga chilichonse koma imamwa magetsi moti ndi yoyatsa pa sekondi imene chilombo chikugunda, n'kuzimitsa. Njira yosadya kanthu ndi kuzimitsa injini n'kudikira. Nthawi zambiri chilombo chimataya chidwi n'kubwerera kwake.

Magetsi a Cyclops ali mu ma power cell asanu ndi limodzi, lililonse la 200. Nyamulani ena asanu ndi limodzi apadera. Dziwaninso kuti Prawn Suit yotha moto mukailowetsa m'mimba mwa Cyclops imayamba kutchaja kuchokera pa ma cell omwewo, ndiye nambala imatsika inu mukudabwa. Pokhota m'mapanga gwiritsani makamera atatu akunja aja, makamaka yapansi. Kuiyendetsa poyang'ana pagalasi lakutsogolo lokha kumathera pa kukhula mchira kumatanthwe.

Pansi pa Lost River pali Inactive Lava Zone, ndipo pansi pake pali Lava Lakes. Uku ndi kwa Sea Dragon Leviathan, yotalika mamita 112, yokhala ndi manja awiri ndipo imalavula moto. Zilipo zitatu, ziwiri kumtunda ndi imodzi kunyanja za chiphalaphala. PDA imati mwina imasaka ma leviathan ena ocheperapo, ndipo mafupa a Reaper mumawaonadi pansi pamenepo. Imamenya Cyclops ndi manja, kusiya mabowo panja ndi moto m'kati. Mabowowo amakonzedwa muli kunja ndi Repair Tool, ndipo chithunzi cha sitima cha m'kati chimaonetsa pamene ali. Ngakhale ndi yaikulu chotero, n'njosavuta kuizemba kuposa Reaper, chifukwa malo ake ndi owala ndi moto, mumaionera patali, ndipo imakonda kuzungulira chapamwamba pa phiri lapakati lotchedwa Lava Castle. Kuyenda chapansi m'mbali mwa khoma, pa liwiro lotsika, kumakudutsitsani. Chimene chimatha sitima mwakachetechete kumeneku ndi Lava Larva, timphutsi timene timakakamira pa Cyclops ngati nkhupakupa pa ng'ombe n'kumayamwa magetsi. Kuyatsa Shield Generator kamphindi kumatigwetsa tonse. Popanda shield mumatuluka ndi mpeni, ndipo kunjako kumatentha moti pamafunika Reinforced Dive Suit, imene imapirira mpaka madigiri 70. Kyanite, mwala wa buluu wa kumeneku, ndi umene umapangira ma module omaliza a kuya ndi Thermal Reactor, imene imatchaja sitima ndi kutentha kwa madzi. Mukakhala nayo, vuto la magetsi kumoto kuno latha.

Prawn Suit ndi chovala chachitsulo choyenda ndi miyendo, chopirira mamita 900, kenako 1,300 ndi 1,700. Ndi cholimba kuposa Seamoth ndipo ndi chokhacho chimene chimakulolani kubweza nkhonya. Dzanja limodzi likhale Grappling Arm, linalo Drill Arm. Chingwe cha Grappling Arm pamodzi ndi majeti chimakuthamangitsani kwambiri mukachizolowera. Vuto lake ndi kugwa: Prawn imamira ngati mwala, majeti amatha mphamvu msanga, ndiye mukadumphira m'dzenje lakuya kuposa malire ake mulibe chingwe, mumaionera ikuphwanyika.

Kupha leviathan n'kotheka. Stasis Rifle, mfuti yosapha, imaumitsa chilichonse chimene chalowa m'mpira wake wa kuwala kwa masekondi angapo, ndipo kugwira batani nthawi yaitali kumakulitsa mpirawo. Mukaumitsa Reaper mutha kuitema ndi mpeni wotentha wotchedwa Thermoblade, kuumitsanso, kutemanso, koma zikwapu zake zimapitirira 100, ndipo ikafa palibe chimene mumatolapo. Siibweranso, ndipo dera lake limasanduka madzi wamba osasangalatsa. Ntchito yabwino ya Stasis Rifle ndi kuumitsa chilombo kuti muchijambule ndi Scanner, kapena kuti mudutse.

Apa ndi pamene gemuyi imafooka. Mukakhala ndi Stasis Rifle ndi Perimeter Defense, Reaper imene inakuumitsani thupi maola oyamba imasanduka chosokoneza chabe cha panjira. Nzeru za zilombozi n'zochepa: zimagunda, zimachoka, zimabwerera, ndipo nthawi zina chilombo cha mamita 100 chimangozungulira pambali panu ngati sichikukuonani. Sea Dragon, imene inayenera kukhala pachimake pa mantha onse, imabwera inu mutazolowera kale. Palinso zolakwika za pulogalamu yeniyeniyo. Matanthwe ndi zomera zimachedwa kuonekera mukathamanga, moti mutha kugunda chinthu chimene sekondi yapitayo panalibe. Zilombo zimatha kutulukira m'kati mwa nthaka, zomwe zimaphwanya lamulo lija loti pathanthwe ndi pobisala. Prawn Suit nthawi zina imalowa pansi n'kumagwa osafika. Kusintha kwakukulu kwa mu Disembala 2022, kotchedwa Living Large, kunakonza zambiri, kunabweretsa chipinda chachikulu chomangira nyumba, mwayi woika pa sikirini mndandanda wa zofunika popanga chinthu, ndi mwayi woimitsa gemu mukatsegula PDA, koma kuchedwa kuonekera kwa zinthu sikunatheretu. Kuseva ndi kwa pamanja, ndiye sevani musanalowe dera latsopano komanso mukangotulukamo. Chikwama ndi chaching'ono, ndipo maulendo opita ndi kubwera kukatenga mkuwa umodzi woiwalika amatopetsa. Kusewera ndi anzanu kulibe.

Ngakhale zili choncho, maola amene mumakhala musakudziwa chimene chikulira kumdima kuja ndi ovuta kuwapeza m'gemu ina, ndipo phokoso la gemuyi, kuyambira kulira kwa Reefback mpaka mawu a Cyclops okuuzani kuti chilombo chikuukira, linapangidwa mosamala kwambiri. Yotsatira yake, Subnautica: Below Zero ya 2021, ili ndi zilombo zake monga Chelicerate ndi Shadow Leviathan, koma nyanja yake ndi yaing'ono ndi yopanikizana, ndipo wosewera wake amalankhula, choncho kusungulumwa kuja kumachepa. Wofuna zilombo ayambe ndi yoyambayi, ndipo asathamangire kuonera mapu pa intaneti, angodalira kampasi ndi ma Beacon.

Pa njira zinayi zosewerera, Survival ndi imene gemuyi inapangidwira: njala, ludzu, mpweya ndi moyo zonse zilipo, ndipo mukafa mumadzukira kunyumba mutataya zina mwa zimene munatola paulendowo. Freedom imachotsa njala ndi ludzu n'kusiya zilombo momwe zilili, ndipo ndi yabwino kwa amene safuna kusaka Bladderfish ya madzi akumwa. Mu Creative simufa. Hardcore imakupatsani moyo umodzi ndipo imachotsa machenjezo a mpweya aja. Musayambire imeneyi, chifukwa Prawn Suit ikalowa m'nthaka mwangozi gemu yonse imafufutika chimodzimodzi ngati yakumezani Reaper.